Dothi lofiira m'zikhadabo za nkhalamba

M'mwezi wa June chaka cha 2023 ndinanamiza mwana wasukulu amene anamvetsera nkhani yanga mosamala kuposa munthu wina aliyense, ndipo ndinamunamiza pamaso pa anthu 12. Ndikakumbukira nkhope yake tsiku limene bodzalo linafika pamapeto, mtima umandipwetekabe ngati zachitika dzulo.

Loweruka m'mbali mwa Mulunguzi

Kuno ku Zomba tili ndi kagulu ka anthu okonda nkhani zopeka za maiko a zodabwitsa, zija mumapezeka mizimu yoyankhula, mafumu osafa ndi zilombo zogona pansi pa mapiri. Timakumana Loweruka masana m'munda wa mitengo ndi maluwa uja umene mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo ukangotsika m'phiri. Pali ophunzira a ku yunivesite, mmisiri wa matabwa wa ku Mpondabwino, amayi ena amene anapuma pantchito ya unamwino, ndi ana angapo a sukulu za sekondale. Amene akulemba nkhani amawerenga chigawo chimodzi mokweza, enafe n'kumamvetsera.

Nkhani yanga ndinaiyamba namondwe wa Freddy atangodutsa m'mwezi wa March chaka chomwecho, pamene matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi ina inakokoloka. Masabata amenewo dzina la Napolo linabwerera pakamwa pa anthu m'maminibasi ndi pamsika. Kwa ife a ku Zomba dzinali si lachilendo. Agogo anga aakazi ankasimba za Napolo wa mu December 1946, Zomba ikadali likulu la dziko, pamene mvula inagwa usana ndi usiku mpaka madzi anatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo n'kukokolola milatho ya m'tauni. Iwo ankati njoka inasamuka kuchoka m'phiri kupita kunyanja, ndipo njira imene inadutsa inkaoneka ndi maso. Malemu Steve Chimombo, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College, anatenga njoka yomweyi n'kuiika m'ndakatulo zake za Napolo Poems mu 1987. Ine funso limene linkandivutitsa linali lakuti: njokayo ikafika kunyanja, madzi akaphwa, imakhala bwanji ndi zimene yachita panjira?

Choncho ndinalemba za mtsikana amene makolo ake anapita ndi madzi, iye n'kulumbira kuti adzaipeza njokayo ndi kuipha. Amatsatira mkwasa wake mpaka kunyanja yosaya ngati ya Chilwa, kumene amakumana ndi nkhalamba yaikazi yowolotsa anthu, yokankha bwato ndi nsungwi yaitali monga amachitira asodzi a ku Kachulu. Nkhalambayo imamusunga, imamudyetsa, imamuphunzitsa kuwamba matemba ndi kudziwa mphepo. Chinsinsi changa, chimene ndinakonza kudzaulula m'chigawo cha 12, chinali chakuti nkhalambayo ndiye Napolo.

Kope lokutidwa ndi nyuzipepala

Tsiku limene ndinawerenga chigawo cha 8, mkangano unabuka wokhudza nkhalambayi. Achinyamata amatcha zoterezi fan theory, koma m'gulu mwathu timangoti zolosera. Mmisiri wa matabwa anati nkhalambayo ndi mayi ake a mtsikanayo amene anapulumuka koma anaiwala zakale. Wophunzira wina wa mbiri yakale anati ayi, ndi mkazi wa njokayo, ndipo anatikumbutsa za kachisi wa M'bona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene kunkakhala mkazi wopatulidwa wotchedwa Salima amene ankati mzimu wa M'bona unkamuyendera ngati nsato. Ndinkamvetsera mtima uli m'malo, chifukwa onsewo ankazungulira kutali.

Kenaka mtsikana wina wa fomu 3 wa ku Chinamwali, amene ankabwera ndi mchimwene wake ndipo anali asanayankhulepo chiyambire, anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. Pamiyendo pake panali kope lokutidwa ndi nyuzipepala, m'makona mwake mutapindika chifukwa chogwiridwagwiridwa. Analitsegula, ndipo ndinaona kuti tsamba lililonse linali ndi nambala ya chigawo pamwamba, pansi pake mawu anga olembedwa ndi bolopeni yabuluu, ena atadulidwa mzere wofiira kunsi. Mwanayu analibe mapepala anga. Zonsezo ankalemba pongomvetsera.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "ine ndikuganiza kuti agogowo ndiwo Napolo."

Anthu angapo anaseka, koma iye sanatukule maso. Anati m'chigawo cha 2, pamene nkhalambayo ikusamba m'manja, ndinanena kuti m'zikhadabo zake munali dothi lofiira losachoka, chonsecho matope a m'nyanja ndinawafotokoza kuti ndi akuda, ndipo dothi lofiira m'nkhani yonseyo ndinalitchula pofotokoza phiri lokha. Anati m'chigawo cha 4, mtsikana atafunsa ngati agogowo anafikako kuphiri, iwo anayankha kuti anatsikako kamodzi koma sanatsike ndi miyendo. Kenaka anatembenuza masamba awiri n'kufika pamene panandiumitsa pakamwa. M'chigawo cha 6 nkhalambayo imathira ufa m'madzi usiku ikutchula maina a anthu amene anafa, ndipo pa mainawo pali dzina la mayi a mtsikanayo.

"Koma mtsikanayo sanawauzepo agogowo dzina la mayi ake," anatero. "Ndayang'ana m'zigawo zonse. Munthu angadziwe bwanji maina a anthu onse amene anafa panjira imodzi, ngati si iye amene anadutsa njirayo?"

Panali zii. Mulunguzi yekha ndiye ankamveka. Amayi anamwino aja anandiyang'ana, ine n'kumwetulira, ndipo ndinangoti tidzaona kutsogolo.

Usiku umene ndinasintha mathero

Ndili pa kabaza kubwerera ku Matawale, m'mtima mwanga munali ukali umene sindinkaumvetsa. Ndinkaona ngati wina wandilowera m'nkhokwe chimanga chisanaume. Miyezi itatu ndinakhala ndikusunga chinsinsicho, ndikulingalira mmene nkhope za anzanga zidzaonekere tsiku loulula, ndiye mwana wa fomu 3 wachiyala poyera kutatsala zigawo zinayi.

Usiku womwewo ndinatenga zigawo za 9 mpaka 12, zimene zinali zolembedwa kale pamanja, n'kuziika pansi pa sutikesi. Ndinayamba kulemba zina. Ndinalowetsamo munthu watsopano, wamalonda a mchere wofika panyanjapo m'chigawo cha 9, ndipo ndinakonza zoti iyeyo ndiye akhale njoka.

Ndinadzipatsa chifukwa chooneka chabwino. M'dziko muno okalamba, makamaka amayi, amamenyedwa ngakhale kuphedwa powaganizira za ufiti, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ndinadziuza kuti nkhani yosandutsa nkhalamba yaikazi kukhala chilombo ingathirire mafuta pamoto umenewu. Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni, ndipo wolemba aliyense wa nkhani zoterezi kuno kwathu ayenera kuilingalira asanagwire cholembera. Koma ine ndinali nditailingalira kale. M'mathero anga oyamba nkhalambayo sinali mfiti yodya anthu. Inali cholengedwa chimene sichisankha nthawi yosamuka, chimene chinatha zaka zake zonse chikuwolotsa anthu mwaulere ndi kutchula maina a akufa, ndipo mtsikanayo amalephera kutukula mkondo pa dzanja limene linamudyetsa. Chifukwa chenicheni chosinthira chinali chakuti sindinafune kuti mwana uja akhale wolondola.

Chigawo cha 12

Ndinawerenga mathero atsopanowo kumapeto kwa July, tsiku la chiperoni, phiri lonse litabisika m'nkhungu, anthu atadzikuta zitenje ndi majekete. Nditafika pamene wamalonda a mchere akuvula khungu la umunthu, ndinatukula maso kuti ndione kudabwa kumene ndinkakuyembekezera. Anthu anadabwadi, koma kunali kudabwa kwa munthu amene wapatsidwa chenje chosakwanira ndipo akuwerengabe m'manja. Ena anaomba m'manja pang'ono mwaulemu.

Amayi anamwino aja anakonza mpango wawo, n'kunena modekha kuti: "Achimwene, nkhani tamva. Koma nanga dothi lofiira lija mwaliika kuti?"

Ndinayankha kuti dothi ndi dothi, munthu akhoza kulitenga paliponse. Iwo sanapitirize, koma anandiyang'ana nthawi yaitali.

Mtsikana uja sanatsutse chilichonse. Anatsegula kope lake pa tsamba la chigawo cha 2, anatenga bolopeni yofiira ija, n'kudula mzere kuchokera pakona yapamwamba kufika pakona yapansi. Anachita chimodzimodzi pa chigawo cha 4, ndiponso pa chigawo cha 6, pang'onopang'ono, mosamala ngati mmene analembera. Atatseka kopelo anati: "Ndiye kuti ine sindidziwa kumvetsera bwino. Pepani, bambo, ndinakutayitsani nthawi tsiku lija."

Ndikanakonda akanakwiya. Akanati nkhani yanga ndi yosalongosoka, ndikanavomera ndi mtima wonse, chifukwa inalidi yosalongosoka. Koma iye anandikhulupirira ine kuposa maso ndi makutu ake. Mwana amene anachita zonse zimene aphunzitsi amapempha, kumvetsera, kulemba, kufananiza, kufunsa kuti izi zikuchokera pati, anapita kwawo ataphunzira kuti luso lakelo ndi lopanda pake. Loweruka lotsatira sanabwere, ndipo linzakelo sanabwerenso.

Ndagi sasintha yankho

Masabata awiri amenewo ndinkangokumbukira madzulo a paubwana pakhonde la agogo. Wina ankati "Ndagi!" ife n'kuyankha kuti "Gize!" ndipo akati nyumba ya amayi anga yopanda khomo, amene wanena kuti dzira wapambana, basi. Panali mwana wina amene ankakonda kusintha yankho akaona kuti tamupeza, n'kumati iye amatanthauza dzungu. Agogo ankamudzudzula kwambiri kuposa mwana wolephera kuyankha, ndipo akapitiriza ankamuletsa kuponya ndagi usiku umenewo. Woponya ndagi amakhala atalonjeza kuti yankho lilipo kale ndipo lili m'mawu amene wanena. Popanda lonjezo limeneli palibe amene angavutike kuganiza.

Nkhani yokhala ndi chinsinsi imayenda pa lonjezo lomwelo. Dothi lofiira, kutsika kopanda miyendo, dzina la mayi, zonsezo ndinaziika dala kuti tsiku loulula anthu adzati zinali pamaso pathu nthawi yonseyi. Ndinatchera zizindikiro kuti zipezedwe, kenaka n'kukwiyira munthu amene anazipeza.

Olemba a kunja akumanapo nazo zoterezi pa anthu ochuluka kwambiri. George R. R. Martin atatulutsa buku la A Game of Thrones mu 1996, owerenga ena analosera kuchokera m'zizindikiro za m'bukumo kuti makolo enieni a Jon Snow, mnyamata wina wa m'nkhaniyo, ndi ndani, ndipo kuloserako kunayenda pakati pawo zaka pafupifupi 20 mpaka sewero la pa kanema lochokera m'mabukuwo linaonetsa mayi ake mu 2016. Martin wakhala akunena pofunsidwa kuti wolemba amene wasintha mathero chifukwa choti ena awatulukira amawononga buku lake, popeza zizindikiro zonse zimene anaika kale zimasanduka zosaloza kulikonse. Ine mawu amenewa ndinkawadziwa ndisanalakwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuwonongeka kwa nkhani ndi mbali yaing'ono ya mlanduwo. Nkhani ikhoza kulembedwanso, koma woloserayo ndi munthu, ndipo amapita kwawo ndi chimene mwamuuza chokhudza nzeru zake.

Ulendo wa ku Chinamwali

Loweruka lachitatu m'mawa ndinatulutsa mapepala aja pansi pa sutikesi, ndipo ndinapempha mchimwene wake kuti andiperekeze kwawo. Mayi awo anatiyalira mphasa pakhonde. Nditafotokoza chimene ndabwerera anaoneka odabwa kuti munthu wamkulu wayenda ulendo chifukwa cha nthano, komabe anamuitana mwanayo.

Ndinamupatsa zigawo zinayi zakale zija, za 9 mpaka 12, chilichonse chili ndi tsiku limene ndinachilemba pakona, masiku a mu May, iye asanakweze dzanja. Anawerenga ali chete, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Atafika pamene nkhalamba ikutambasula manja ake kuti mtsikana aone dothi la m'zikhadabo, anaima, n'kubwereza ndimeyo kachiwiri.

"Nanga munasinthiranji, bambo?"

Ndinamuuza zoona, kuti ndinachita nsanje ndi nzeru zake ndipo ndinafuna kuti kudabwitsa anthu kukhale kwanga ndekha. Sanayankhe msanga. Kenaka analowa m'nyumba, anabwera ndi kope lija, n'kundionetsa tsamba la chigawo cha 5 limene linalibe mzere wofiira. Anati pamenepo ndinalemba kuti nkhalambayo inabadwira pachilumba, zimene sizikugwirizana ndi mathero alionse, akale kapena atsopano, ndipo iye anakhala akudzifunsa ngati imeneyo inali mbuna yoti owerenga agweremo kapena ndinangoiwala. Ndinali nditangoiwala.

Masana ake ndinaimirira pamaso pa gulu lonse n'kunena zimene ndinachita, ndipo ndinawerenga mathero enieni. Amayi anamwino aja anangoti iwo anadziwa tsiku lomwe lija, chifukwa munthu wonena zoona sayankha funso la dothi mwachangu chotero.

Envelopu ndi buku la zolosera

Kuchokera pamenepo zinthu ziwiri zinasintha m'gulu mwathu. Aliyense woyamba nkhani ya zigawo amalemba chinsinsi chake papepala, amaliika mu envelopu, amamata, n'kuipereka kwa amayi aja, amene amaisunga m'chikwama chawo mpaka tsiku lomaliza. Wolemba ali ndi ufulu wosintha njira yofikira kumapeto, chifukwa nkhani imakula ikamalembedwa, koma akafuna kusintha yankho lenilenilo ayenera kunena poyera kuti wasintha.

Chachiwiri n'chakuti theka la ola loyamba la Loweruka lililonse ndi la owerenga. Tinagula buku lachikuto cholimba, ndipo aliyense wolosera amalembamo tsiku, zimene akuganiza, ndi umboni wake, kutchula chigawo ndi mawu amene akudalira. Amaimirira n'kuwerengera gulu, ena n'kumufunsa mafunso, wolemba nkhaniyo ali chete osagwedeza ngakhale mutu. Pa nkhani ya umboniyi ndine wouma mtima. Wina akangoti zonsezi ndi maloto a munthu wodwala, kapena kuti onse anafa kale pachiyambi, popanda mzere umodzi wochirikiza, timamupempha kuti akafufuze kaye, chifukwa kulosera kotero kukhoza kuikidwa pa nkhani iliyonse ndipo sikusonyeza kuti munthu wamvetsera imeneyi.

Zolosera zimene zalephera sitizifufuta, ndipo palibe wololedwa kudula mzere wofiira m'bukumo. Zina mwa izo zimaposa yankho la mwini nkhani. Ganizo lija la mkazi wa njoka, lochokera ku Khulubvi, linali lolakwika pa nkhani yanga, koma linali ndi mizu yozama m'mbiri yathu kuposa chimene ine ndinalemba. Ndinakopeka kulitenga, koma tinagwirizana kuti ganizo ndi la mwini wake, ndipo wophunzirayo analilemba kukhala nkhani yakeyake imene inatitengera Loweruka 7.

Si funso lililonse limene lili ndi envelopu. J. R. R. Tolkien anasiya dala munthu wotchedwa Tom Bombadil wosafotokozedwa, ndipo owerenga akhala akukangana za iye kuyambira pamene buku lake la The Fellowship of the Ring linatuluka mu 1954. Ifenso tili ndi Dzenje la Chingwe pamwamba pa phiri lathuli, limene ena amati mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati odwala khate, ena amati lilibe pothera. Mafunso otere ndi okoma chifukwa palibe amene akubisa yankho m'thumba. Timangopempha wolemba kuti asanamizire kuti funso ndi lotseguka pamene iye walitseka kale, kapena kulitsegula mwadzidzidzi chifukwa wina wayandikira.

Envelopu ya mmisiri

Chaka chatha mmisiri wa matabwa uja anatiwerengera nkhani yake ya zigawo 10, ya mudzi umene anthu ake amaiwala zonse za chaka chimodzi nyanja ikauma, monga Chilwa inaumira mu 1968 ndi mu 1995. Mtsikana wa ku Chinamwali, amene panthawiyo anali atalemba mayeso a fomu 4, analemba zolosera zitatu m'buku lathu, chilichonse ndi umboni wa masamba awiri.

Tsiku lomaliza amayi aja anatulutsa envelopu, yomwe inali itada m'mbali chifukwa chokhalitsa m'chikwama, anaing'amba ndi chikhadabo, n'kuwerenga. Ziwiri mtsikanayo analondola. Chachitatu, chokhudza amene anatseka kasupe wa m'mudzimo, anaphonya, ndipo amene analondola anali mnyamata wa fomu 1 amene anangobwera miyezi iwiri yapitayo.

Mmisiriyo anatambasula dzanja kuti amuonetse pamene panali chizindikiro chimene anachidumpha, koma iye anakana.

"Ayi, bambo, musandionetse. Mundibwereke chigawo cha 3 ndi cha 7, ndikabweza Loweruka."

Anapinda mapepalawo pakati, anawaika m'kati mwa kope lake, lomwe tsopano linali lachitatu, ndipo ananyamuka ndi mchimwene wake kukakwera minibasi mvula isanayambe.